Kusamutsira zinyalala za mathesiti mu RAM ndi tmpfs, mmene zikuyendera

Lolemba usiku

Ndayamba kulemba izi chifukwa mutu wangawu ndimaudziwa, pakangotha milungu iwiri ndidzakhala nditaiwala kuti ndinataipa chani komanso ndinataipiranji. Nkhani yake ili motere. Laputopu yanga ndi yakalekale, RAM 8 GB, disiki yake ndi ija yozungulira ya 5400 rpm osati SSD, muli Debian 12. Pulojekiti imene ndikupanga ndi ya Python, mathesiti oyesera kodi ndimayendetsa ndi pytest, ndipo pafupifupi thesiti iliyonse imapanga kadetabesi kake ka SQLite, nkulembamo timizere, nkuwerenga, kenako nkukataya. Ndikangoyambitsa kagetsi ka disiki kamayaka osaphethira, disiki nkumangolira kuti krr krr, ine kudikira mpaka kuiwala chomwe ndasintha mu kodi muja.

Nde ndinadzifunsa kuti zinthu zongotaya ngati zimenezi zikulembedweranji pa disiki, bwanji zizingokhala mu memori basi. Pa Linux chochitira zimenezi ndi tmpfs, imene imakupatsa foda yomwe mafayilo ake amakhala mu RAM mmalo mwa disiki, ndipo sichachilendo ai, chinabwera ndi kernel 2.4 mu 2001, ndipo makina ako amakhala akuchigwiritsa kale ntchito iwe osadziwa. Kungotaipa df -h, komandi yoonetsa malo osungira mafayilo ndi kukula kwake, ndaona kuti /run ndi /dev/shm zonse ndi tmpfs. Kwanga /dev/shm ikuonetsa 3.8G, lomwe ndi theka la RAM imene makina akuona, poti ukapanda kunena saizi malire ake amangokhala theka.

Ndikanatha kungolowa mu /dev/shm momwemo osavutika ndi sudo, aliyense amaloledwa kulembamo. Koma mmenemo ndi momwe mapulogalamu ena amagawanirana memori, nde sindinafune kuti ndikadzazamo ine ena azivutika ndi zinthu zosawakhudza. Ndapanga panga, foda yatsopano nkumauntapo tmpfs, kutanthauza kuilumikiza pa foda imeneyo.

sudo mkdir /mnt/ram
sudo mount -t tmpfs -o size=2G tmpfs /mnt/ram

Basi, zatha. Palibe kufomata, palibe kudula patishoni, komandi yangobwerera phee osanena kanthu, zomwe kuno zimatanthauza kuti zatheka. Liwu loti tmpfs likuoneka kawiri ndipo poyamba zinandisokoneza. Loyambalo, lotsatana ndi -t, ndi mtundu wa file system. Lachiwiri laima pamene tikanalemba /dev/sdb1 zikanakhala kuti tikumaunta fulashi, koma pano palibe chipangizo chilichonse chomwe chikumauntidwa nde ndi dzina chabe. Ndinamasula nkumauntanso nditalemba kuti zinyalala pamalopo, ndipo inavomera bwinobwino, mu df kumanzere kukuoneka kuti zinyalala 2.0G. Ndasiya dzina lomwelo, landikomera.

Chimene chandidabwitsa usiku uno ndi ichi. Ine ndimayesa kuti ndikangomaunta ndiye kuti 2 GB yadulidwa pa 8 ija, yapita. Ndayang'ana free -h, komandi yoonetsa memori imene yadyedwa ndi yotsala, ndisanamaunte, ndayang'ananso nditamaunta, manambala ndi omwe aja. Kani size ija si malo osungiratu, ndi denga chabe, memori imadyedwa pokhapokha ukalembamo. Ndayesa kulembamo fayilo ya 500M:

dd if=/dev/zero of=/mnt/ram/yesero bs=1M count=500

Apa nde mu free pa shared pakwera ndi 500M, pa available patsika chimodzimodzi. Kufufuta fayiloyo, zonse zabwerera mwakale nthawi yomweyo. Ndikagone.

Lachiwiri

Lero ndayamba ndi manyazi. Ndinadzuka ndi mtima woti pulojekiti yonse ikakhala mu RAM ndiye iziuluka, nde ndinakopa foda yonse kupita ku /mnt/ram, kodi, ma library, zonse, nkuyendetsa mathesiti kuchokera kumeneko. Kusiyana kwake? Palibe chooneka ndi maso. Disiki ikulirabe chimodzimodzi. Kuyesa grep mu mafayilo onse, pa disiki ndi mu RAM liwiro limodzimodzi. Ndinangoti kakasi, nkumati kodi ndataya usiku wadzulo pachabe eti.

Zifukwa zilipo ziwiri ndipo zonse ndi kusaganiza kwanga. Choyamba, Linux imasunga kale mu memori fayilo iliyonse imene yawerengedwa posachedwa, ndi zija zimaoneka pa buff/cache. Mafayilo a kodi amene ndimatsegula tsiku lonse anali kale mu RAM kuyambira mmawa, disiki inawawerenga kamodzi kokha. Nde kuwakopera ku tmpfs kunali kungowasunga kawiri mu memori yomweyo. Ndipotu tmpfs payokha imakhala mu cache momwemo, kusiyana kwake nkwakuti kumbuyo kwake kulibe disiki yoti zikatsikireko.

Chachiwiri, madetabesi aja sankalembedwa mu foda ya pulojekiti nkomwe. pytest imawaika ku /tmp, ndipo pa Debian 12 /tmp ili pa disiki. Pa Debian 13, imene inatuluka mu Ogasiti 2025, anasintha, /tmp ndi tmpfs kuyambira poinsitola, ndipo Fedora inachita zimenezi kalekale pa Fedora 18. Ndikanakhala pa imodzi mwa zimenezo mwina ntchito yonseyi sikanakhalapo. Ndabweza pulojekiti pa disiki nkungouza pytest kuti zinyalala zake izitayira kwina:

TMPDIR=/mnt/ram pytest

Aaa koma nde zinthu zake. Timadontho tija tomwe timatuluka kamodzi kamodzi ngati tikukakamizidwa tangoti waa pa sikilini, kagetsi ka disiki zii. Zomwe ndinkadikira mpaka kunyamuka pampando tsopano zikutha ndisanachotse dzanja pa kiyibodi.

Sindinafune kungosangalala osamvetsa, nde ndinabwerera ku /tmp ya pa disiki nkuyendetsa ndi strace, kachida koonetsa zomwe pulogalamu ikupempha kwa kernel, kuti ndione chikudya nthawi nchiyani:

strace -f -c -e trace=fsync,fdatasync pytest

Ndipo ndi zimenezo, kuitana fsync kochuluka zedi. Pulogalamu ikangolemba fayilo mwawamba, Linux imalandira mu memori nkunena kuti zatheka, nkudzatsitsira pa disiki nthawi ina ikapeza mpata, nchifukwa chake kulemba wamba kumaoneka kwachangu ngakhale pa disiki yaulesi. Koma SQLite sikhulupirira zimenezo, pa commit iliyonse, ndiko kuti potsimikiza zomwe yalemba, imaitana fsync, kutanthauza kuti sindisuntha pano mpaka disiki yeniyeniyo itsimikize kuti yalemba. Ndipo ikulondola kutero, detabesi imene imataya zinthu magetsi akazima ndi yantchito yanji. Koma disiki ya 5400 rpm imazungulira ka 90 pa sekondi, ndipo eni ake a SQLite amanena kuti transaction imodzi imafuna kuti mbale ija izungulire kawiri, nde powerengera ndikupeza ma commit 45 pa sekondi basi, ngakhale CPU itakhala yamphamvu bwanji. Pa tmpfs fsync imangobwerera pompo, palibe choti idikire.

Ndiye phindu lonse lagona pa fsync, osati poti RAM imawerenga msanga ai. Ndivomerenso kuti njira zina zinalipo. PRAGMA synchronous=OFF ikanathandiza, palinso kachida kotchedwa eatmydata komwe kamanamiza pulogalamu kuti fsync yachitika. Detabesi ya :memory:, ija SQLite imaisunga mu memori popanda fayilo, siyingatheke kwa ine chifukwa mathesiti ena amatsegula fayilo imodzi kuchokera ku ma process awiri. Koma sindikufuna kusintha kodi imene ndikuyesa pongofuna kuti mayeso athamange, nde ndikhala pa tmpfs.

Lachitatu

Zochepa lero. ls -ld /mnt/ram ikuonetsa drwxrwxrwt, mwini wake root. Ndiye 1777, monga /tmp, aliyense akhoza kulembamo koma sangafufute za mnzake, ka t ka kumapetoko ntchito yake ndi imeneyo. Laputopuyi ndimagwiritsa ndekha koma sizinandisangalatsebe. Ndinayamba ndayesa chown pa foda isanamauntidwe, osathandiza, chifukwa ukamaunta zomwe ukuona ndi za tmpfs yatsopanoyo, foda yapansi ija yaphimbidwa pamodzi ndi zilolezo zake. Chophweka ndi kuzinena pomaunta pomwepo:

sudo mount -t tmpfs -o size=2G,uid=1000,gid=1000,mode=0700 zinyalala /mnt/ram

1000 ndi nambala yanga, id imakuuza yako. China chomwe ndaona ndikusewera ndi du, kafayilo ka zilembo 10 kakudya 4K yathunthu, poti memori imagawidwa mmasamba a 4096 bytes. Timafayilo tating'onoting'ono tikachuluka timadya kuposa mmene timaonekera.

Lachinayi

Lero mtima unatsala pang'ono kuima ndipo palibe wina womuloza chala koma ine.

Ndili ndi sikiripiti imene imapanga detabesi yaikulu yoyesera, yodzaza ndi zinthu zabodza, ndipo ngakhale mu RAM imatenga nthawi yaitali ndithu chifukwa kuwerengera kwake nkochuluka. Ndinaisiya ikuyenda masana onse, inamaliza, fayilo inali mu /mnt/ram bwinobwino, ndinaiona ndi maso angawa. Madzulo ndinatsegula terminal ina, ndimafuna komandi ina ya dzulo, ndadina kamuvi kokwera kangapo nkumenya Enter osawerenga. Inafunsa pasiwedi, ine nkupereka, zala zinangochita zokha. Patapita kanthawi ndikuti ls /mnt/ram.

Mbee. Mulibe kanthu. df ikuti Used 0.

Ndinazizira nkhongono. Laputopu sinazime, sindinayatsenso, sindinataipe rm, nanga zapita kuti. Ndipo ndimadziwa kuti pa tmpfs palibe zoti pali chida chobwezeretsa zofufutidwa, chapita chapita. Ndinayamba kale kuwerengera kuti ndiyambirenso sikiripiti ija usiku uno kapena mawa. Kenako ndinabwerera ku terminal yoyamba ija, imene ndinaisiya ili mkati mwa /mnt/ram kuyambira masana, ndangotaipa ls mwachizolowezi, fayilo ija ndi iyo, ili phee ndi saizi yake yonse. Terminal iyi ikuti ilipo, inayo ikuti palibe, foda imodzimodzi. Ndinayang'ana uku ndi uku kangapo ngati ndaona zamatsenga.

history ndi imene inandiulula. Komandi imene ndinamenya osawerenga ija inali mount ya dzulo. Ndipo findmnt /mnt/ram inatulutsa mizere iwiri. Kani ukamaunta tmpfs pamalo pamene pali kale ina, siikana, siichenjeza, imangopanga ina yatsopano yopanda kanthu nkuisanjika pamwamba pa yakaleyo. Yakale ikadali pansi ndi katundu wake yense, ikudyabe memori yake, kungoti aliyense wobwera kudzera pa dzina loti /mnt/ram akufikira yapamwambayo. Terminal yoyamba ija inali italowa kale mu yapansi isanaphimbidwe nchifukwa chake imaonabe.

Apa ndinachita mosamala kwambiri, manja akunjenjemera pang'ono. Choyamba, kuchokera mu terminal yomwe ikuonayo, osasuntha, osataipa cd, ndakopera fayilo ija pa disiki. Itafika nde ndinapuma. Kenako sudo umount /mnt/ram kamodzi kokha. umount imachotsa yapamwamba, nde yopanda kanthu ija yapita, yakale yatulukira, findmnt mzere umodzi. Ndikanamenya kawiri mwa mantha ndipo terminal ija ikanakhala itatsekedwa, nde zikanapitadi zenizeni.

Kuyambira pano sinditaipanso mount pamanja, ndaika mu kasikiripiti ndi chotchinga kutsogolo:

mountpoint -q /mnt/ram || sudo mount -t tmpfs -o size=2G,uid=1000,gid=1000,mode=0700 zinyalala /mnt/ram

Ngati pali kale chomauntidwa, siichita kanthu. Ndipo detabesi yaikulu ija kwawo ndi pa disiki, ku RAM kuzipita kope chabe.

Lachisanu

Mathesiti anayamba kugwa mmawa, ambirimbiri nthawi imodzi, ena akuti database or disk is full ena No space left on device. df ikuti /mnt/ram yadzaza tho, 100%. Ndinadabwa chifukwa ulendo umodzi wa mathesiti sufika 2 GB. Kuyang'anamo, muli foda ya pytest-of ndi dzina langa, mkati mwake mafoda atatu a manambala. pytest imasunga zinyalala za maulendo 3 omaliza kuti munthu ukathe kuona chomwe chinalakwika, pa disiki sindinkazindikira nkomwe poti malo ndi ambiri, koma pano kuphatikiza ndi kope la detabesi yaikulu lija denga lakwana.

Chabwino chake nchakuti kukweza denga sikufuna kumasula kapena kutaya kanthu:

sudo mount -o remount,size=4G /mnt/ram

Mafayilo onse ali momwemo, df ikuti 4.0G. Ukhozanso kulemba mwa peresenti, size=50%. Kutsitsa kumathekanso koma osati kupitirira pansi pa zomwe zili kale mkatimo, ndinayesa size=1G muli zinthu za 2 GB ndipo inakana.

Koma kukwezako kunali kuthawa vuto nkukalowa mu lina. Masana, brawuza ili ndi matabu ake ambirimbiri, edita yotsegula, /mnt/ram yapitirira 3 GB, laputopu inayamba kukoka miyendo, mausi kumadumphadumpha, ndipo kagetsi ka disiki kaja kayambiranso kuyaka. free ikuonetsa swap, malo a pa disiki osefukira memori, ikudzaza. Apa mpamene ndamvetsa bwino kuti tmpfs si RAM yokhayokha. Memori ikachepa kernel imatha kutenga masamba a tmpfs nkuwakankhira ku swap, ndipo swap yanga ili pa disiki yomwe ija ya 5400 rpm imene ndimaithawa. Ndazungulira ulendo wonse nkubwerera pakhomo pomwe ndinachokera.

Chosokoneza china, mu free zinthu za tmpfs zimawerengedwa pa buff/cache, nde ukayang'ana mwachangu umati aa palibe vuto, cache imeneyo ibwezedwa ikafunika. Ayi ndithu. Cache wamba kernel ikhoza kuitaya poti kope lake lili pa disiki, koma ya tmpfs ikaitaya ikaipezanso kuti. Ndinayesa dala kulemba 3 mu /proc/sys/vm/drop_caches, cache inatsika koma gawo la tmpfs silinasunthe. Nambala zoyenera kuyang'ana ndi shared ndi available, kapena mzere wa Shmem mu /proc/meminfo.

Pali option ya noswap imene imaletsa zimenezi, ndinaiyesa pa foda ina, mount inakana, dmesg ikuti siikudziwa liwu limenelo. Inalowa mu kernel 6.4 mu 2023, ndipo uname -r kwanga ikuti 6.1. Ndipo nditaganiza bwino, ngakhale ikanakhalapo sikanandipulumutsa, memori ikachepa china chake chiyenera kupita ku swap basi, ikapanda tmpfs ndiye brawuza.

Poti ndinali kale mu zoyesayesa ndinati ndione ramfs, mkulu wake wa tmpfs, imene siipita ku swap ngakhale pang'ono.

sudo mkdir /mnt/yesa
sudo mount -t ramfs -o size=100M ramfs /mnt/yesa
sudo dd if=/dev/zero of=/mnt/yesa/a bs=1M count=300

Ndaipatsa malire a 100M, ndalembamo 300, yalandira yonse osadandaula. size ija imangoimva nkuinyalanyaza. df nayo siikuthandiza, siionetsa kuti mwalowa zingati. Ndiye kuti sikiripiti imodzi yolakwika yolemba mosalekeza ikhoza kudya RAM yonse, ndipo OOM killer, gawo la kernel lopha mapulogalamu memori ikatha, ngakhale iwaphe memori siibwerera, chifukwa mafayilowo si a process iliyonse, amakhalabe mpaka wina awafufute. Ndinamasula msangamsanga. Ili ndi ntchito yake, monga kusungira kanthawi makiyi achinsinsi amene sukufuna kuti akagwere pa disiki kudzera mu swap, koma ya mathesiti ai. Chenjezo lomwelo likukhudzanso size=0 pa tmpfs, zero pamenepo akutanthauza kuti palibe malire, osati palibe malo.

Palinso brd, imene imakupatsa /dev/ram0 ngati disiki yeniyeni yoti uifomate ndi mkfs, ndi zram imene imapanikiza zomwe walemba kuti zichepe. Zonsezo ndi ntchito yowonjezera pa vuto lomwe ndilibe.

Mankhwala enieni anali ophweka. Ndabweza denga pa 2G nditafufuta zakale, ndipo pytest ndikuiyendetsa chonchi:

pytest --basetemp=/mnt/ram/pt

Ikapatsidwa basetemp imafufuta foda imeneyo poyamba pa ulendo uliwonse, nde zinyalala sizikuunjikana. Koma chifukwa chomwecho osailozera pa /mnt/ram penipenipo kapena pa foda iliyonse imene muli zinthu zofunika, imasesa zonse osafunsa. TMPDIR ndaisiyabe chifukwa kodi ina imagwiritsa tempfile mwachindunji.

Loweruka

Ndatopa ndi kukumbukira kuyendetsa kasikiripiti ndikayatsa makina, nde lero ndi fstab, fayilo imene imanena zoti zimauntidwe zokha makina akamayaka. Ndinayamba ndi kumasula kuti ndiyese kuchokera pachiyambi, umount ikuti target is busy. fuser -vm /mnt/ram yaonetsa wolakwa, ndi bash yanga yomwe, terminal ina inali mkatimo. cd kutulukamo, yamasuka. Pali umount -l imene imachotsa dzina pompo nkudikira kuti omwe ali mkati atuluke, koma pa tmpfs ndiye kuti memori ikhala yogwidwabe pamene iwe sukuionanso, sindinaifune.

Ndakopa /etc/fstab kaye ndisanaikhudze, fayilo imeneyi ukailakwitsa makina akhoza kukakamira poyaka. Mzere woyamba umene ndinalemba unali uwu:

zinyalala /mnt/ram tmpfs size=2G,uid=1000,gid=1000,mode=0700,user 0 0

Maziro awiri akumapetowo akunena kuti palibe dump ndipo palibe fsck, palibe choti ifufuze pa chinthu chomwe chimabadwa chopanda kanthu nthawi zonse. user ndinaika kuti ndizitha kumaunta ndi kumasula popanda sudo. Kenako sudo systemctl daemon-reload, findmnt --verify, sudo mount -a, zonse bwino. mount -a ndinaimenya kawiri dala kuti ndione ngati isanjikenso ngati Lachinayi lija, ayi, imadumpha zomwe zamauntidwa kale.

Kuyendetsa mathesiti, awiri agwa, Permission denied. Ndi aja amalemba kasikiripiti kakang'ono mu foda ya zinyalala nkukayendetsa. ls -l ikuonetsa x alipo, mwini wake ndine, chmod +x ndabwereza kawiri ngati kuti koyamba sinamve. Ndinataya nthawi ndithu ndikukayikira mode=0700. Mpaka ndinayang'ana findmnt bwinobwino kumanja kwenikweni, pali nosuid,nodev,noexec, zomwe ine sindinalembe. man mount ikunena poyera kuti user imabwera ndi zitatu zimenezo yokha, pokhapokha utazitsutsa pambuyo pake, monga user,exec, ndipo dongosolo lake ndi lofunika, exec ikakhala kutsogolo kwa user imaphimbidwa. Nzomveka, sungalole munthu wamba kumaunta chinthu nkuyendetsamo zomwe wafuna.

Ndaganiza kuti user sindikuifuna nkomwe poti ikumauntidwa yokha poyaka. Mzere womwe watsala:

zinyalala /mnt/ram tmpfs size=2G,uid=1000,gid=1000,mode=0700,nosuid,nodev 0 0

Mathesiti onse obiriwira.

Lamlungu

Ndazimitsa nkuyatsanso, /mnt/ram yabwera yokha, mwini wake ine, mulibe kanthu monga ziyenera kukhalira. Kutseka chivundikiro kuti igone nkudzatsegulanso, mafayilo akumakhalapo, poti pogona RAM imalandirabe moto kuchokera ku batire. Batire ikathera kutuloko nde basi.

Ndinayamba kulemba sikiripiti ya rsync, chida chofananitsa mafoda, yoti izikopera zamu RAM kupita pa disiki pozimitsa nkuzibweza poyatsa, ndafika pakati nkuifufuta. Ndinaona kuti ndalemba --delete, ndipo tsiku lina idzayenda /mnt/ram ili yopanda kanthu nkukasesa kope la pa disiki kuti zifanane. Komanso ngati chinthu chikufunika kusungidwa ndiye kuti malo ake si muno. Kodi ikhala pa disiki ndi git, yomwe Lachiwiri ndinaona kale kuti siipindula kanthu ndi RAM. Chotsala ndi mzere umodzi wa cp wokopera detabesi yaikulu ku /mnt/ram pamene ndikuifuna, ndauika mu Makefile pamodzi ndi TMPDIR ndi basetemp kuti make test izichita zonse, ndipo kutsogolo kwake kuli mountpoint -q kuti ikapeza sipanamauntidwe iime, isayambe kulemba mwakachetechete mu foda yapansi ija ya pa disiki.

Zomwe sindinachite: kusamutsa /tmp yonse kuti ikhale tmpfs. Ndi 8 GB ndikuopa mapulogalamu aja amatayira mafayilo akuluakulu mmenemo osafunsa, ndidikira mpaka ndidzakweze ku Debian 13 ndidzaone mmene izichitira. Mawa ndiyang'ane thesiti imodzi ija yoyesa zomwe zimachitika pulogalamu ikafa pakati pa commit, imeneyo ikuyenera kubwerera pa disiki yeniyeni, mu RAM ikungodutsa mosavuta kwambiri ndipo sindikuikhulupirira.